Moni wa Makina: Mbiri ya Amisiri a Netiweki ku Zambia, Kuonera ku Chanyanya

Pa ntchito zimene zabadwa m'dziko la Zambia m'zaka makumi atatu zapitazi, ndi zochepa zimene anthu amazidalira tsiku ndi tsiku popanda kuzidziwa monga mmene amadalirira ntchito ya amisiri a netiweki, amene udindo wawo ndi kuonetsetsa kuti makina onyamula mauthenga akumvana ndiponso akudziwa kumene uthenga uliwonse uyenera kulowera. Dera la Chanyanya, lomwe lili m'boma la Kafue, kumadzulo kwa tauni ya Kafue, m'mphepete mwa madambo a mtsinje wa Kafue, ndi malo oyenera kuonerapo mbiri ya ntchitoyi chifukwa lili kumathero kwenikweni kwa njira: msodzi akalandira ndalama za nsomba pa foni ali padoko, kapena mlimi wa m'minda yothirira akafunsa mtengo wa mbewu, uthenga wake umakwera pa nsanja ya foni, n'kudutsa pa wailesi kapena pa waya wa faiba, n'kupyola makina angapo usanafike ku Lusaka, komwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku tauni ya Kafue. Chikasokonekera china chake m'njiramo, wa ku Chanyanya amangoti netiweki yavuta, pamene chenicheni chimene chachitika nthawi zina n'chakuti makina awiri oyandikana, amene iye sadzawaona, asiya kumvana kwa kanthawi.

Makina amene nkhaniyi ikuwakhudza ali a mitundu iwiri. Swichi ndi bokosi lolumikiza zipangizo za pamalo amodzi, monga za mu ofesi kapena za m'kachipinda ka pansi pa nsanja, ndipo imalandira uthenga pa khomo lina n'kuutulutsira pa khomo loyenera poyang'ana nambala imene chipangizo chilichonse chimapatsidwa ku fakitale, yotchedwa adiresi ya MAC. Rauta ndiyo imalumikiza netiweki ina ndi inzake, ndipo imasunga mndandanda wa njira umene umaiuza kuti uthenga wopita ku adiresi yakutiyakuti uperekedwe kwa rauta iti yotsatira. Uthengawo suyenda wathunthu, koma umadulidwa m'timaphukusi ting'onoting'ono, ndipo kaphukusi kalikonse kamasankhiridwa njira pa rauta iliyonse imene kafikapo.

Kale waya wa mauthenga unkatsata njanji, imene inawoloka mtsinje wa Kafue mu 1906 ikulunjika ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, ndipo mmisiri wa nthawi imeneyo ankafunafuna vuto ndi maso ndi miyendo, chifukwa waya woduka umaoneka. Ngakhale pamene siteshoni ya setilaiti ya Mwembeshi inatsegulidwa mu 1974, ndiponso m'zaka zonse zimene bungwe la boma la PTC linkayendetsa mapositi ndi matelefoni pamodzi mpaka linagawidwa mu 1994 kukhala Zamtel ndi Zampost, njira za mauthenga zinkakonzedweratu ndi anthu, osati ndi makina okambirana okhaokha.

Ntchito yatsopanoyi inaphukira pa Yunivesite ya Zambia, pamene mu 1991 nthambi ya makompyuta, motsogozedwa ndi Mark Bennett, inayamba kutumiza ndi kulandira makalata a imelo kudzera mu Fidonet. Iyi inali njira imene Tom Jennings anayambitsa ku America mu 1984, yoti makompyuta aziimbirana foni pa nthawi zopangana, kupatsana makalata onse amene aunjikana, kenako n'kudula foniyo. Yunivesite ya Rhodes ya ku Grahamstown, m'dziko la South Africa, ndiyo inali khomo lotulukira kunja, ndipo ku Malawi ntchito yofanana nayo inachitikira ku Chancellor College mumzinda wa Zomba, komwe Paulos Nyirenda anali mmodzi mwa oitsogolera. Khalidwe limodzi la Fidonet liyenera kukumbukiridwa, chifukwa ndilo limasiyanitsa nyengo imeneyo ndi yotsatira: njirayi inkapirira kusowa kwa yankho. Foni ikalephera kulowa usiku wina, kaya chifukwa cha mvula kaya cha magetsi, makalata ankangodikira pa kompyuta mpaka ulendo wotsatira, ndipo panalibe makina amene ankatenga kuchedwako ngati tsoka. Inali njira yochedwa ndithu, komatu inali yogwirizana ndi matelefoni ndi magetsi a kuno kuposa imene inabwera pambuyo pake.

Pa 22 Novembala 1994 kampani ya ZAMNET, imene yunivesite inakhazikitsa mothandizidwa ndi Banki ya Dziko Lonse, inalumikiza Zambia ku intaneti mwathunthu kudzera pa mzere wobwereka wopita ku Cape Town, wonyamula mabiti 14,400 pa sekondi imodzi, ndipo Zambia inakhala dziko loyamba kumwera kwa chipululu cha Sahara, kupatula South Africa, kufika pamenepo. Mzere umodzi wotere sufuna nzeru zambiri zosankhira njira, popeza mmisiri amangolemba mu rauta lamulo limodzi lakuti chilichonse chosadziwika chipite ku Cape Town, ndipo mzerewo ukafa palibenso chochita koma kuimbira a matelefoni. Luso lenileni linayamba kufunika pamene njira zinachuluka, chifukwa zikatero munthu sangathe kulemba ndi manja kusintha kulikonse, ndipo marauta ayenera kuuzana okha zimene akudziwa.

Malamulo amene marauta amatsata pouzana zimenezi amatchedwa maprotokolo osankhira njira, ndipo onse odziwika analembedwa kutali ndi kuno. Owalembawo anali ataona kale kuopsa kwa makina okhulupirirana, pakuti pa 27 Okutobala 1980 netiweki ya ARPANET, kholo la intaneti, inaima kwa maola angapo pamene chipangizo chowonongeka chinachititsa kuti mauthenga atatu otsutsana a njira azizungulira osatha, uliwonse ukuoneka watsopano kuposa unzake. Mu 1989 John Moy anafalitsa ndondomeko yoyamba ya OSPF, imene mabungwe ambiri akuigwiritsabe ntchito m'kati mwa manetiweki awo mpaka lero, ndipo kampani ya Cisco inali ndi yakeyake, yotchedwa EIGRP, imene ndondomeko yake inadzafalitsidwa poyera mu 2016. Mu OSPF rauta iliyonse imalengeza mizere imene yalumikizidwako, marauta onse a m'dera limodzi amasunga mapu ofanana, ndipo iliyonse imawerengera yokha njira yaifupi pogwiritsa ntchito masamu amene Edsger Dijkstra wa ku Netherlands anafalitsa mu 1959.

Maziko a zonsezi ndi unansi wa marauta awiri oyandikana. Pa netiweki ya Ethernet, rauta ya OSPF imatumiza kauthenga ka moni masekondi 10 alionse, ndipo ikakhala masekondi 40 osamva moni wa mnansi wake imagamula kuti mnansiyo wafa, monga mmene pamudzi anthu amayambira kufunsa za munthu amene mawu ake sanamveke m'mawa kangapo motsatizana. EIGRP ndi yosaleza mtima kwambiri, pakuti imapereka moni masekondi 5 alionse n'kudikira masekondi 15 okha. Mu OSPF moni pawokha sukwanira, chifukwa anansi awiriwo ayenera kugwirizana pa nambala ya dera, pa nthawi za moni ndi pa mawu achinsinsi ngati alipo, kenako amadutsa masitepe angapo ofananitsira mapu awo, amene mabuku amawatchula kuti Init, 2-Way, ExStart, Exchange, Loading ndi Full. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba kuganizira gwero la vuto pongoona sitepe imene unansi waimapo: ukaima pa Init ndiye kuti rauta ikumva mnzake koma mnzakeyo sakuimva, zimene zimaloza ku mzere umene ukuyenda mbali imodzi yokha kapena ku chipangizo chapakati chimene chikusefa mauthenga.

Mzere wakufa kotheratu si mdani wamkulu wa netiweki, chifukwa marauta amaufufuta pa mapu kamodzi n'kupitiriza ntchito pa njira ina. Woopsa ndi mzere umene ukufa ndi kudzuka mobwerezabwereza, vuto limene amisiri amalitchula kuti flapping. Nthawi iliyonse unansi ukaduka kapena ukabwerera, nkhaniyo imalengezedwa kwa marauta onse a m'deralo, onse amawerengeranso njira, ndipo timaphukusi timene tinali paulendo timatayika kapena kuzungulira mpaka mapu atafanananso. Rauta yofooka ikatanganidwa ndi kuwerengaku imachedwa kutumiza moni wake, anansi ake n'kuiyesa yakufa, ndipo vuto limene linayambira pa mzere umodzi limafalikira kumene kunalibe chovuta chilichonse.

Njira zinachuluka ku Zambia pang'onopang'ono. Makampani ena opereka intaneti anabwera pambuyo pa ZAMNET, ambiri akudalira mbale za setilaiti, ndipo kwa zaka zingapo kalata yochokera mbali ina ya Lusaka kupita mbali ina inkatha kukazungulira ku Ulaya kapena ku America. Malo osinthanirana mauthenga, amene kwenikweni ndi swichi imene makampani onse amalumikizako marauta awo, anakhazikitsidwa ku Lusaka mu 2006, ndipo a ku Malawi anatsegulidwa mu Disembala 2008 pa College of Medicine mumzinda wa Blantyre. Mawaya a pansi pa nyanja a SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010 anafika ku gombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo Zambia, pokhala dziko lopanda gombe, inawafikira kudzera m'mayiko oyandikana nayo, pamene kampani ya magetsi ya ZESCO inayala faiba m'kati mwa waya wapamwamba wa mizere yake ikuluikulu ya magetsi. Mgwirizano wa UbuntuNet Alliance, umene unayamba mu 2005 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, unalumikiza manetiweki a mayunivesite a m'chigawo chino, ndipo ZAMREN, netiweki ya mayunivesite a ku Zambia, inayamba kugwira ntchito mu 2012.

Pakati pa mabungwe osiyana pamagwira protokolo ina, BGP, imene Kirk Lougheed wa ku Cisco ndi Yakov Rekhter wa ku IBM analemba mu 1989, ndipo pa makina a Cisco imadikira masekondi 180 isanataye mnansi. Mbiri yake ili ndi gawo limene linalemetsa mosayenera mayiko a mizere yaitali ndi yofooka. Pofuna kuteteza marauta akuluakulu a intaneti ku zilengezo zobwerezabwereza, mu 1998 inafalitsidwa ndondomeko yolanga njira yosakhazikika, yoti ikafa ndi kudzuka kangapo iikidwe pambali kwa nthawi imene inkatha kufika ola lathunthu. Cholinga chinali chabwino, koma zotsatira zake zinali zakuti netiweki inkatha kukhala itachira kale kwawo, anthu akunja akulepherabe kuifikira. Kafukufuku anadzaonetsanso kuti kusintha kumodzi kokha kunkatha kuoneka ngati kungapo kukamadutsa m'marauta ambiri, ndipo mu 2006 gulu la RIPE la ku Ulaya linalangiza kuti ndondomekoyo isagwiritsidwenso ntchito monga inalili.

Chimene amisiri a kuno anaphunzira msanga, ndipo ndicho mtima wa luso lawo, n'chakuti unansi ukamaduka vuto silikhala kawirikawiri mu protokolo, koma pansi pake. Choyamba ndi magetsi. Mtsinje womwewo umene asodzi a ku Chanyanya amaphamo nsomba ndiwo umatembenuza makina a ku Kafue Gorge, komwe siteshoni yoyamba inayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndipo yachiwiri, ya mamegawati 750, inamalizidwa mu 2023, koma popeza magetsi ambiri a dziko lino ndi a madzi, kuchepa kwa mvula kunabweretsa kuzima kwa maola ambiri patsiku mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024. Pa nsanja kapena m'chipinda cha makina, mabatire amene amatha ndi kudzazidwanso tsiku lililonse amakalamba msanga, ndipo akalephera kugwira kwa masekondi ochepa okha jenereta isanayake, rauta imazima n'kuyambiranso, zimene zimatenga mphindi zingapo, nthawi yopitirira kwambiri masekondi 40 aja. Mphezi za m'dzinja zimawotcha makhomo a maswichi kudzera m'mawaya a kopa, mvula yamphamvu imafooketsa mizere ya wailesi ya mafunde aafupi, ndipo faiba yokwiriridwa m'mbali mwa misewu imadulidwa ndi okumba ngalande.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kwambiri, ndipo limakhudza mabanki, masukulu ndi maofesi amene amabwereka mizere kwa makampani m'malo moyala yawo. Ethernet imalola kaphukusi kosapitirira mabaiti 1,500, malire amene amatchedwa MTU, koma kampani yobwereketsa imamata zizindikiro zake pa kaphukusi kalikonse, monga mabaiti 4 a VLAN kapena mabaiti 4 a chizindikiro chilichonse cha MPLS, ndipo ngati chipangizo chimodzi m'njiramo, mwina wailesi yakale ya pa nsanja, sichinakonzedwe kulandira kukulako, timaphukusi tikulutikulu timatayidwa popanda chenjezo. Moni ndi waung'ono, choncho umadutsa ndipo anansi amaonana, koma ikafika nthawi yopatsana mapu, amene amadzaza kaphukusi, zonse zimaima, unansi umakakamira pa ExStart kapena pa Exchange, umaduka, n'kuyambiranso. Wosazindikira amatha masiku akusinthasintha malamulo a OSPF, pamene yankho likanapezeka ndi ping, lamulo lotumiza kaphukusi koyesera n'kudikira kuti kabwerere, ngati kaphukusiko katakulitsidwa kufika pa malire ndi kuletsedwa kudulidwa panjira.

Kumidzi maphunzirowa anabwera movutirapo. Ku Macha, m'boma la Choma, gulu la LinkNet, limene Gertjan van Stam anali mmodzi mwa oliyambitsa, linamanga chapakati pa zaka za m'ma 2000 netiweki ya timawailesi tolandizana uthenga nyumba ndi nyumba, mothandizana ndi akatswiri a Meraka Institute ya ku South Africa, ndipo achinyamata a komweko ndiwo anaphunzitsidwa kuisamala. Manetiweki a mtundu umenewu amayenda pa maprotokolo monga OLSR, imene imapereka moni masekondi 2 alionse, ndipo pa wailesi uthenga wopita kwa onse sutsimikiziridwa kuti wafika, kotero kuti mtengo wophuka masamba pakati pa nyumba ziwiri umakwanira kuti mnansi azioneka ndi kusowa. Madambo athyathyathya ngati a Kafue amaoneka abwino kwa woyala mzere wa wailesi, popeza palibe phiri lotchinga, koma madzi osefukira amabweza mafunde, ndipo mafunde obwezedwawo akakumana ndi olunjika amatha kufooketsana, makamaka usiku ndi m'bandakucha pamene mpweya wa pamwamba pa madzi wakhazikika. Mzere umene unayesedwa masana m'chilimwe n'kupezeka wangwiro ukhoza kuyamba kudukaduka madzi akakwera.

Gawo la ntchitoyi limene limasokoneza ngakhale akatswiri ndi multicast, kutanthauza kutumiza kaphukusi kamodzi kwa gulu la olandira amene akapempha, kusiyana ndi kutumiza kwa mmodzi kapena kwa onse. Steve Deering wa pa Yunivesite ya Stanford ndiye anaikonza, ndipo ndondomeko yake ya 1989 inafotokoza maadiresi oyambira 224.0.0.0 mpaka 239.255.255.255 kukhala a magulu, pamodzi ndi protokolo ya IGMP imene kompyuta imalengezera kuti ikufuna kulowa m'gulu. Chiyembekezo chinali chakuti multicast idzanyamula mawu ndi kanema pa intaneti yonse, ndipo mu 1992 msonkhano wa ku San Diego wa IETF, bungwe lolemba malamulo a intaneti, unaulutsidwa motero, koma pakati pa makampani njirayi sinafale. Inakhazikika m'kati mwa manetiweki, pa kanema wa m'mahotela, pa makamera, pa zipangizo zofufuzana zokha mu ofesi, ndiponso, chimene chili chofunika kwambiri pano, pa moni weniweniwo wa marauta, popeza OSPF imatumiza moni wake ku 224.0.0.5 ndipo EIGRP ku 224.0.0.10. Motero swichi yosokoneza multicast imadula unansi ngakhale waya uli bwinobwino ndipo ping wamba ikuyankha, ndipo n'chifukwa chake vuto la multicast ndi la kuduka kwa unansi amatchulidwira pamodzi.

Maswichi oyambirira ankatulutsa multicast pa makhomo onse, zimene zinkadzaza netiweki pamene kanema anayamba kuyenda, ndipo opanga anawonjezera luso lotchedwa IGMP snooping, loti swichi izimvetsera mapempho a makompyuta n'kumatumiza gulu lililonse ku makhomo okhawo amene alipempha. Luso limeneli linafala lisanalembedwe bwino, kampani iliyonse ikuchita mwa njira yake, ndipo malangizo a IETF anatuluka mochedwa mu 2006. Malangizowo ananena poyera kuti mauthenga opita ku maadiresi oyambira 224.0.0.0 mpaka 224.0.0.255 azituluka pa makhomo onse, chifukwa zipangizo zambiri sizipempha magulu amenewa kudzera mu IGMP, koma maswichi osatsata zimenezi anali atagulidwa kale, ndipo kumene zipangizo zimagwira ntchito zaka zambiri, kapena zimafika zitagwirapo kale kwina, zolakwa za opanga zimakhalitsa kuposa kumene zinapangidwira.

Pali chizindikiro chimene aliyense wogwira multicast amachidziwa, cha kanema kapena kamera imene imayenda bwino mphindi zinayi n'kuima. Swichi imaiwala wopempha ngati sanabwereze pempho lake m'masekondi 260, ndipo makompyuta amabwereza pokhapokha atafunsidwa ndi chipangizo chofunsa, chimene chimayenera kutero masekondi 125 alionse. Pa netiweki yaing'ono yopanda rauta ya multicast, monga ya pasukulu kapena ya pachipatala chaching'ono, wofunsayo kawirikawiri kulibe, motero gulu limafufutika pa nthawi yake yeniyeni, ndipo kuyatsanso zipangizo kumangobwezeretsa kanema kwa mphindi zina zinayi, pamene mankhwala ake ndi kupatsa swichi imodzi udindo wofunsawo. Msampha wina uli m'masamu a maadiresi, pakuti posandutsa adiresi ya gulu kukhala ya MAC mabiti 23 okha ndiwo amatengedwa, kotero kuti magulu 32 amagawana adiresi ya MAC imodzi. Munthu wosankhira kanema adiresi ya 239.0.0.5 amakhala, mosadziwa, akutumiza kanema yense pa adiresi ya MAC yomweyo imene moni wa OSPF umadzera, ndipo pa zipangizo zosankha poyang'ana MAC yokha purosesa imalemedwa, moni weniweni n'kutayika pakati pa unyinjiwo.

Maswichi alinso ndi vuto lawolawo la njira zozungulira. Kaphukusi ka pa Ethernet kalibe chowerengera chokathetsa kakazungulira kwambiri, ndiye mawaya awiri akalumikiza maswichi omwewo, uthenga wopita kwa onse umazungulira ndi kuchulukana mpaka netiweki yonse itaima. Radia Perlman, ali ku kampani ya DEC, anapeza yankho mu 1985, protokolo ya Spanning Tree imene imatseka makhomo owonjezera, koma mtundu wake woyamba unkatenga masekondi 30 mpaka 50 kuti utsegule njira yatsopano, nthawi yokwanira kudula unansi wa EIGRP ndiponso, nthawi zina, wa OSPF. Mtundu wofulumira unavomerezedwa mu 2001, koma swichi imodzi yakale yotsalira pakati pa zatsopano imabwezera mbali imene yalumikizidwako ku liwiro lakale.

Luso lonseli silinabwere m'mabokosi pamodzi ndi makina, koma linapatsiridwa pamanja. Bungwe la NSRC, lomwe Randy Bush anali mmodzi mwa oliyambitsa ndipo lili pa Yunivesite ya Oregon, ndi gulu la amisiri a mu Africa la AfNOG, limene linakumana koyamba ku Cape Town mu 2000, anakhazikitsa mwambo wa maphunziro a masiku ochepa, mmene ophunzira amapatsidwa marauta enieni kuti amange OSPF ndi BGP m'magulu mpaka kalasi yonse italumikizana. Msonkhano wa AfNOG unachitikira ku Maputo mu 2005 ndi ku Lusaka mu 2013, ndipo mu 2005 momwemo AFRINIC inavomerezedwa kukhala yogawa maadiresi a intaneti mu Africa, kotero kuti makampani a ku Zambia ndi ku Malawi anasiya kupempha manambala awo kunja kwa Africa.

Ndondomeko yofufuzira vuto imene amisiri amaphunzitsana imayamba ndi wotchi. Makina onse ayenera kukhala ndi nthawi yofanana, ndipo zolemba zawo za zochitika ziyenera kusonkhanitsidwa pamalo amodzi, chifukwa popanda zimenezi sizingadziwike kuti wayamba kusiya mnzake ndani. Kenako mmisiri amayang'ana kutalikirana kwa nthawi zimene unansi ukuduka: ukamaduka pa nthawi zofanana ndendende, monga masekondi 15, 40 kapena 260 alionse, ndiye kuti pali wotchi ya protokolo imene ikutha, ndipo nambalayo imaulula kuti ndi iti, koma ukamaduka mosawerengeka, kapena pa ola limene magetsi amazima, kapena mitambo ikachita bii, ndiye kuti vuto lili pa waya, pa wailesi kapena pa batire. Pambuyo pake amawerenga kuchuluka kwa timaphukusi towonongeka pa khomo lililonse, amayesa ping yaing'ono ndi yaikulu, ya kwa mmodzi ndi ya kwa gulu, ndipo amasintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Ndondomeko imeneyi imapulumutsanso ndalama ndi mafuta, chifukwa ulendo wa pa msewu wafumbi wopita ku nsanja yakutali, makamaka m'dzinja, suyenera kuyambidwa munthu asanadziwe chimene akukafuna.

Chaka cha 2024 chinayesa manetiweki a chigawo chino pa mbali ziwiri nthawi imodzi. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko, ndipo madzi a m'damu la Kariba atatsika magetsi anafika pomazima maola ochuluka kuposa oyaka. Pa 14 Malichi mawaya anayi a pansi pa nyanja anawonongeka kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire, ndipo pa 12 Meyi EASSy ndi SEACOM anaduka kufupi ndi Durban, zimene zinachedwetsa intaneti ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Kenya. Pa nthawi zotere BGP imasamutsira mauthenga ku njira yotsala, koma njira yotsalayo imadzaza, ndipo ngati moni wa marauta sunapatsidwe mwayi wotsogola pa mzere wodzaza, umatayika pamodzi ndi kanema ndi zithunzi, unansi wa pa mzere wamoyo n'kudukanso.

Apa ndi pamene pali kusiyana maganizo pakati pa amisiri. Protokolo ya BFD, imene inafalitsidwa mu 2010, imatha kuzindikira mzere wakufa sekondi imodzi isanathe, ndipo pa faiba yoyera ya pakati pa nyumba ziwiri za makina mu Lusaka imeneyi ndi mphatso yeniyeni, chifukwa woimba foni samva n'komwe kuti njira yasintha. Koma kufulumira komweko kukaikidwa pa mzere wa wailesi wodutsa pamwamba pa dambo kumasandutsa kufooka kulikonse kwa kamphindi kukhala chilengezo cha imfa, ndipo netiweki imene ikanapirira imayamba kugwedezeka. Nambala zimene wopanga anaikamo zinasankhidwa poganizira mawaya aafupi ndi magetsi osazima, choncho kusankha kuti rauta idikire nthawi yaitali bwanji pa mzere uliwonse ndi chigamulo chofuna munthu wodziwa malowo, nyengo zake ndi msinkhu wa mabatire ake, ndipo chigamulo chimenechi sichingalembedwe kutali.

Kusamukira ku IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi umene ukufunika chifukwa nkhokwe yaikulu ya maadiresi akale a IPv4 inatha mu 2011, kukukulitsa udindo wa multicast m'malo mouchepetsa. Mu IPv6 mulibe uthenga wopita kwa onse, ndipo kompyuta imapeza adiresi ya MAC ya inzake, ngakhalenso rauta yake, kudzera mu multicast, pamene IGMP yalowedwa m'malo ndi protokolo yotchedwa MLD ndipo OSPF ya mtundu wachitatu imatumiza moni wake ku adiresi ya ff02::5. Swichi yosokoneza magulu, imene kale inkangovutitsa marauta ndi kanema, pa IPv6 imalepheretsa ngakhale makompyuta awiri a m'chipinda chimodzi kupezana, kotero kuti nzeru imene inali ya akatswiri ochepa a m'makampani akuluakulu a ku Lusaka ikufunikanso kwa wosamala makompyuta a pasukulu, pachipatala kapena pa ofesi ya kopaletivi m'boma la Kafue.